Mzere Wakuda Pakati pa Kuwala Kofiira

## Chipinda chopanda mawindo

Ndisanapite ku Sweden kukawonjezera maphunziro, ndinkaphunzitsa fizikisi ku sekondale. Phunziro limene linkandikomera kwambiri linali la kuwala kumene kwalowa m'galasi n'kukanika kutuluka. Ndinkatchinga mawindo ndi zitenje, n'kuika kagalasi kathu kamodzi komweko patebulo. Ndikamapendeketsa kuwala pang'onopang'ono, kunkafika poti sikukutulukanso mbali inayo, konse kwabwerera mkati. Pa galasi wamba zimenezi zimayamba ukangodutsa madigiri 41. Ana ankalemba m'makope kuti kuwala konse kumabwerera, ine n'kuwauza kuti adule mzere kunsi kwa mawu akuti konse.

Ku Sweden kuja, tsiku lina m'mwezi wa Disembala, dzuwa litalowa kale cha m'ma 3 koloko masana, mayi ena achikulire amene ankasamala zipangizo za m'labotale ananditengera ku chipinda chapansi chopanda mawindo. Sanali pulofesa ayi. Ntchito yawo inali yotsuka magalasi, kukonza ma laser ndi kuphunzitsa obwera kumene kugwira zinthu osasiyapo zidindo za zala.

Anayamba n'kundipatsa kagalasi kakang'ono kathyathyathya, atakagwira ndi kapani. Mbali imodzi kankanyezimira chikasu cha golide.

"Kalozetseni ku nyali, muyang'ane," anatero.

Nditakakweza ndinaiona nyali ya kudenga kudzera mu golideyo, koma itasanduka yobiriwira mopita ku buluu. Golideyo anali wopyapyala moti kuwala kwina kunkadutsa: mananomita 50 okha. Nanomita imodzi ndi milimita imodzi itagawidwa ka 1,000,000.

Anadonthezera kadontho ka mafuta oyera pa prism, galasi lochindikala la makona atatu, n'kumatapo kagalasi kaja, golide atayang'ana kunja. Pamwamba pa golideyo anamangirirapo kapulasitiki kokhala ndi kanjira kodutsa madzi, ndipo anathiramo madzi oyera ndi jakisoni wopanda singano. Kenako anayatsa laser yofiira, ya helium ndi neon, imene mafunde ake ndi a mananomita 632.8. Kuwalako kunkadutsa kaye pa lenzi yokutambasula, kuti kukafike pa golide kuchokera m'ngodya zambiri nthawi imodzi, n'kubwerera kukagwa pa pepala loyera limene linali chapatali pang'ono. Anazimitsa magetsi.

Pa pepalapo panaoneka chigamba chofiira chotambalala. Pakati pake panali mzere wakuda bii.

Ngodya zonse za m'chigambacho zinali zopitirira malire aja ndinkaphunzitsa. Pamenepo sipayenera kusowa kuwala. Ndinafunsa ngati pa galasi pali fumbi kapena pakandika. Mayiwo sanayankhe. Anangozunguza polarizer, kagalasi kosankha mbali imene mafunde a kuwala akugwedezekera, imene inali kutsogolo kwa laser, mzere uja n'kuzimiririka, chigamba chonse psuu. Anaibweza, mzere n'kubwerera pamalo pake pomwe. Fumbi silingachite zimenezo.

Ndiye anatenga jakisoni wina. "Awa ndi madzi a shuga, supuni yaing'ono imodzi m'theka la kapu." Atawakankhira m'kanjira kaja, mzere wakudawo unayenda ndikuona, mtunda wokwana mulifupi mwa chala, n'kuima. Anathiramo madzi oyera, unabwerera. Mtima wanga unagunda ndithu. Palibe waya, palibe kompyuta, palibe mankhwala osintha mtundu, koma shuga wosaoneka ndi maso akukankha mdima pa pepala.

Anatenga jakisoni wachitatu, wosalemba kanthu. Mzere unayendanso, n'kukaima pafupifupi pomwe unaima ndi shuga paja.

"Ndiuzeni, ndathiramo chiyani?"

"Shuga," ndinayankha.

"Mchere," anatero, akuyatsa magetsi. "Golideyu amamva chilichonse, koma sadziwa kuti wamva chiyani. Anthu ambiri amene amabwera m'chipinda chino amakumbukira jakisoni wachiwiri. Ine ndikufuna muzikumbukira wachitatu."

## Kuwala kumapita kuti

Zimene ndinkaphunzitsa ana zija n'zoona, koma pali kanthu kamene buku la ku sekondale silinena. Kuwala kukamabwerera konse m'galasi, sikutembenukira pa malire penipeni. Kamphamvu kake kena kamasuzumira kunja kwa galasi, kamtunda kosakwana n'komwe kutalika kwa funde limodzi, n'kuzilala msanga. Ngati kunjako kulibe chokalanda, kamabwerera kathunthu, n'chifukwa chake sitiona kusowa kulikonse. Ukaikapo golide wopyapyala, wapereka chokalanda.

Mu golide muli maelekitironi ambirimbiri amene sanamangike ku atomu iliyonse. Amayenda momasuka, ndiwo amachititsa kuti golide azidutsitsa magetsi. Pamwamba penipeni, pamene golide wakumana ndi madzi, maelekitironi amenewa atha kukankhidwa n'kuunjikana pano, kuchepa apo, kuunjikananso patsogolo, ndipo kuunjikanako kumayenda motsata pamwambapo. Funde limeneli ndi limene akatswiri amati surface plasmon. Gawo lina la mphamvu yake lili mu golide, gawo lina lili m'madzi amene akhudzana naye.

Kuti kuwala kupatsire mphamvu ku funde limeneli, ziwirizi ziyenera kuyenda pa liwiro limodzi motsata pamwamba pa golide. Onani mmene kondakitala amakwerera minibasi imene yanyamuka kale. Amathamanga nayo limodzi mpaka liwiro lake litafanana ndi la galimotoyo, ndiye n'kugwira chitseko. Akaiposa kapena akatsalira, sakwera. Kuwala kochokera m'madzi kapena mumpweya nthawi zonse kumaliposa fundeli, kaya mukuwalitsire kuchokera mbali iti. N'chifukwa chake mukaloza mphete ya golide ndi laser simuona mzere wakuda uliwonse. Galasi ndi limene limathandiza. M'galasi kuwala kumayenda pang'onopang'ono, liwiro lake litachepa pafupifupi ka 1.5, ndipo posintha ngodya mumasintha liwiro limene kukusesera pamwamba pa golide. Pa ngodya imodzi yokha ziwirizi zimafanana. Pamenepo mphamvu imawolokera ku maelekitironi, n'kukathera mu golide ngati kutentha kochepa kwambiri. Kuwala kotsala kumene kukanabwerera kumafafanizana ndi kumene fundeli likutulutsanso kubwerera m'galasi, ndiye pa pepala pamangotsala mdima.

Nanga polarizer ija? Kuti maelekitironi aunjikane pamwamba, kuwala kuyenera kuwakankha molowa ndi motuluka mu golide. Kukangowakankha cham'mbali mokhamokha, amangotsetsereka osaunjikana, funde osabadwa. Pozunguza polarizer, mayi aja ankasankha pakati pa makankhidwe awiriwa.

Kukhuthala kwa golide nakonso si kongolota. Akakhuthala kwambiri, kamphamvu kosuzumira kaja kamafera mkati kasanafike mbali ya madzi. Akapyapyala kwambiri, fundeli limataya mphamvu yake msanga kubwerera m'galasi, ndipo mzere umatambalala n'kutuwa. Kwa kuwala kofiira, malo abwino ali pafupi ndi mananomita 50. Pansi pake amapakapo kaye chromium kapena titanium wa mananomita awiri kapena atatu, chifukwa golide pa yekha samamatira bwino pa galasi.

Tsono liwiro la fundeli limadalira chimene chagona pa golide. Ngati ndi mpweya, mzere wakuda wa laser yofiira pa galasi la mtundu wa BK7 umakhala pafupi ndi madigiri 44. Ngati ndi madzi, umasamukira kupitirira pang'ono madigiri 70. Chimene chikusintha ndi refractive index, nambala yosonyeza mmene chinthu chimachepetsera liwiro la kuwala: mpweya ndi 1.00, madzi ndi 1.33. Shuga amaikweza pang'ono, mchere umaikweza pang'ono, puloteni imaikweza pang'ono. Ndipo fundeli silimva kutali. Mphamvu yake m'madzi imakhala itachepa kwambiri ukatalikira mananomita pafupifupi 200 kuchokera pa golide. Selo yofiira ya magazi ndi yotambalala mananomita oposa 7,000, pamene antibody imodzi, puloteni imene thupi limapanga kuti igwire tizirombo ta matenda, ndi ya mananomita 10 mpaka 15. Kotero chipangizochi sichiona zimene zikuyandama kumtunda. Chimaona zimene zatera pansi penipeni, ndipo ubwino wake wonse wagona pamenepo.

## Chifukwa chiyani kufiira

Patapita nthawi ndinapempha kuti tiyese ndi laser yobiriwira, ya mananomita 532, chifukwa ndi imene maso amaiona bwino kwambiri. Mayi aja anangoti, "Yesani." Ndinazunguza prism uku ndi uku, koma mzere wakuda wooneka bwino sunapezeke. Chigamba chonse chinangokhala chofooka.

Apa m'pamene nkhani ya kuwala kooneka ndi maso imakoma. Maso athu amaona kuyambira mananomita pafupifupi 400, kumene kuli buluu wopita ku pepo, mpaka pafupifupi 700, kumene kuli kufiira kwakuya. Golide sachita chimodzimodzi pa mitundu yonseyi. Kwa kuwala kofiira, amene amayankha ndi maelekitironi omasuka aja, ndipo funde limayenda bwinobwino. Koma ukatsikira cha m'ma 500, kuwala kumakhala ndi mphamvu yokwanira kuzula maelekitironi ena amene anali omangika mkati mwa maatomu. Golide amangokumeza kuwalako. N'chifukwa chake golide ndi wachikasu: amameza buluu n'kubweza zotsalazo. Funde lobadwa m'kuwala kobiriwira limafa lisanapite patali, ndipo limayenda pang'onopang'ono kwambiri moti galasi la BK7, limene refractive index yake ndi 1.515, silingathe kuchepetsa liwiro la kuwala mpaka kufanana nalo pamene pali madzi. Pangafunike galasi lolemera ngati SF10, la pafupifupi 1.72, ndipo ngakhale pamenepo mzere umatuluka wonenepa, wovuta kuloza pakati pake.

Ukapita mbali inayo, kumafunde ataliatali, zinthu zimakhala bwino. Mzere umaonda, umada kwambiri, ndipo fundeli limamva patali pang'ono m'madzi. Ndiye makina ambiri ogulitsidwa amagwiritsa ntchito kuwala kwa m'mphepete mwa kufiira, kumene maso ayamba kale kulephera. Komabe kumva patali kuli ndi mtengo wake. Ngati chimene ukufuna ndi kapuloteni kamene kamata pansi, kumva patali kumatanthauza kuti madzi akumtunda akulowerera kwambiri pa muyeso wako. Palibe mtundu wa kuwala umene ungapambane pa zonse.

Siliva amachita bwino kuposa golide pa nkhani ya kuwala yokha. Maelekitironi ake omangika sazulika mpaka kuwala kutafika kumene maso saona, kuseri kwa pepo, kotero pa mitundu yonse yooneka amapereka mzere woonda, wakuthwa. Ndinauona ndi maso anga, ndipo ndi wokongola kuposa wa golide. Vuto lake n'lakuti siliva amada akakumana ndi sulufule wa mumpweya, ndipo m'madzi a mchere sakhalitsa. Chipangizo chimene mzere wake ukusuntha wokha chifukwa chitsulo chikusintha sichingakuuze kanthu za magazi. Golide anapambana chifukwa sasintha.

Chinthu chimene ndimachikonda kwambiri kuonetsa anthu ndi cha kuwala koyera. Mumasiya ngodya pamalo amodzi, n'kuika nyali yoyera m'malo mwa laser. Pa mitundu yonse imene ili m'kuwalako, umodzi wokha ndi umene liwiro lake likufanana ndi fundeli, ndiye umenewo ndi umene umasowa. Kufiira kukachotsedwa, kuwala kobwerera kumaoneka kopita ku buluu ndi kubiriwira. Mukathira shuga, mtundu wosowawo umasunthira kumafunde ataliko, ndipo maonekedwe a kuwalako amasintha maso akuona. Ofufuza amene akuyesa kumanga zipangizo zotere pa foni amakonda njira imeneyi, chifukwa foni ili kale ndi nyali yoyera komanso kamera yosiyanitsa mitundu.

## Amene anauona mzerewu ife tisanabadwe

Woyamba kudabwa nawo anali Robert Wood wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, mu 1902. Iye ankawalitsa nyali pa chitsulo chojambulidwa timizere tambirimbiri tothithikana, ndipo anaona kuwala kukusowa mwadzidzidzi pamalo ena, koma pa makankhidwe amodzi okha a kuwala. Analemba zimene anaona, osatha kuzifotokoza. Lord Rayleigh anayesa mu 1907, Ugo Fano anafika pafupi mu 1941, ndipo mu 1957 Rufus Ritchie anaonetsa ndi masamu kuti pamwamba pa chitsulo payenera kukhala funde la maelekitironi. Mu 1968 ku Germany, Andreas Otto anapeza njira yodzutsira fundeli ndi prism, posiya kampata kakang'ono pakati pa galasi ndi chitsulo. Chaka chomwecho Erich Kretschmann ndi Heinz Raether anapaka chitsulocho pa galasi penipeni. Njira yawoyi ndi imene inali patebulo la m'chipinda chapansi chija.

Zaka zonsezi inali nkhani ya anthu a fizikisi okhaokha. Inasintha ku Linköping, ku Sweden komweko, pamene Bo Liedberg, Claes Nylander ndi Ingemar Lundström anaonetsa mu 1983 kuti ukamata puloteni ina pa chitsulo, n'kudutsitsapo antibody yogwirana nayo, mzere umasuntha. Mu 1990 kampani ya Pharmacia Biosensor ya ku Uppsala inayamba kugulitsa makina otchedwa Biacore. Lero opanga mankhwala amawagwiritsa ntchito poona ngati mankhwala atsopano akugwira puloteni imene akuifuna, liwiro limene akugwirira ndi limene akutayira.

## Jakisoni wachitatu

Makina amakono saona mzere ndi maso monga ife. Amauyeza ndi kamera, ndipo amazindikira kusuntha kochepa zedi. Pa makina a Biacore muyeso wake amautcha RU. Ma RU 1,000 ndi kusuntha kwa pafupifupi madigiri 0.1, ndipo amafanana ndi nanogalamu imodzi ya puloteni itayala pa kamalo ka milimita imodzi mbali zonse. RU imodzi ndi kusintha kwa refractive index kwa pafupifupi 0.000001.

Manambala amenewa amasangalatsa, ndipo ndi amene amalembedwa m'mitu ya nkhani. Koma taonani izi. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha, refractive index yake imatsika ndi pafupifupi 0.0001. Amenewo ndi ma RU pafupifupi 100. Munthu wofufuza kamankhwala kakang'ono atha kukhala akudikira ma RU 10 kapena 20 basi. Ndiye kuti kutentha kwa m'chipinda kukangosintha pang'ono, kwakwirira kale yankho lake lonse. Mbali yaikulu ya makina odula aja si ya kuwala ayi, ndi yosunga kutentha pamalo amodzi ndi yoyendetsa madzi mosadukiza. Ndikamaganiza za chipatala chaching'ono cha denga la malata m'mwezi wa Okutobala ku chigwa cha Shire, kumene m'mawa ndi masana zimasiyana ndi madigiri ambirimbiri, ndimaona kuti vuto lalikulu lobweretsa chipangizochi kwathu si mtengo wa golide. Golide wa mananomita 50 pa kagalasi kamodzi ndi wochepa kwambiri. Vuto ndi kutentha.

Tsono ngati golide sasiyanitsa shuga ndi mchere, chipangizochi chimadziwa bwanji kuti chapeza puloteni ya matenda akutiakuti? Chimadziwa chifukwa cha zimene anthu amamata pa golidepo. Golide sagwirizana ndi zinthu zambiri, koma amagwirana mwamphamvu ndi sulufule. Mu 1983 Ralph Nuzzo ndi David Allara a ku Bell Labs anaonetsa kuti mamolekyu okhala ndi sulufule amadzindandalika okha pa golide, mwadongosolo. Pamwamba pa amenewo ndi pamene amamangirira ma antibody osankhidwa kuti agwire chinthu chimodzi chokha. Pa timagalasi tambiri ta Biacore amayalapo kaye dextran, mtundu wa shuga wa mamolekyu ataliatali, wokhuthala pafupifupi mananomita 100, kuti malo omangirirapo achuluke m'kati mwa mtunda umene fundeli limamva.

Ngakhale zitatero, magazi ali ndi mapuloteni ambirimbiri, ndipo ena amamata paliponse osaitanidwa. Ndiye pamafunika kanjira kachiwiri pambali, kokhala ndi zonse kupatula antibody ija. Madzi omwewo, kutentha komweko, zomata mwachisawawa zomwezo. Yankho ndi kusiyana kwa tinjira tiwiriti, osati kusuntha kwa mzere umodzi.

Kuyambira nthawi imeneyo kawerengedwe kanga kanasintha. Chaka chilichonse pamatuluka zolemba zambiri zolengeza sensa yatsopano, ina ya golide ndi graphene (kaboni wopyapyala zedi), ina ya pa ulusi wa galasi, iliyonse ikunena kuti imamva kuposa inzake. Zambiri mwa izo ndi zowerengera pa kompyuta chabe, kapena anaziyesa ndi madzi a shuga ndi a mowa. Sindikuzinyoza, ntchito imayambira pamenepo. Koma ine ndimathamangira kuona ngati anaika kanjira koyerekezera, ngati anayesa ndi madzi a m'magazi enieni, ndiponso ngati ananena mmene anasungira kutentha. Zikasowa zitatuzi, ndimadziwa kuti aonetsa jakisoni wachiwiri yekha.

## Mzere wofiira wa ku chipatala

Nditabwera ku tchuthi ndinakacheza kwa achemwali anga, amene ndi namwino pa chipatala china chaching'ono. Anandifunsa chimene ndikuphunzira, ndipo nditayamba za ma prism ndinaona kuti maso awo akupita kwina. Ndiye ndinawafunsa kuti, "Achemwali, kamzere kofiira kamene kamatuluka pa kachipangizo koyezera malungo, mumati kamapangidwa ndi chiyani?"

"Odwala ambiri amati ndi magazi awo," anayankha. "Ine ndimadziwa kuti si magazi, koma sindinafunsepo kuti n'chiyani. Utoto kapena?"

"Ndi golide."

Anaseka. "Achimwene, ndiye kuti ife timataya golide m'bokosi la zinyalala tsiku ndi tsiku?"

Ndi golide ndithu, pa tizipangizo tambiri totere. Ndi timibulu ta mananomita pafupifupi 40, ndipo maelekitironi ake ndi omwe aja. Kusiyana kwake n'kwakuti kambulu kotere ndi kakang'ono kuposa funde la kuwala, ndiye funde la maelekitironi lilibe koyenda. Onse amangogwedezeka limodzi, uku ndi uku, m'kati mwa kambuluko. Sipafunika prism, sipafunika ngodya. Amagwedezeka kwambiri ndi kuwala kwa mananomita 520 mpaka 530, kumene ndi kobiriwira, n'kukumeza. Kubiriwira kukachoka, maso amaona kufiira. Golide yemweyo amene pa kagalasi anakana laser yanga yobiriwira, akakhala m'timibulu ndi kubiriwira komweko kumene amayankha.

Anthu anayamba kalekale kugwiritsa ntchito mtundu umenewu asakudziwa chifukwa chake. Ku British Museum ku London kuli chikho cha galasi cha Aroma chotchedwa Lycurgus Cup, cha zaka za m'ma 300. Kuwala kukachimenya kutsogolo chimaoneka chobiriwira, kukadutsa kuchokera kumbuyo chimafiira, chifukwa m'galasimo muli timibulu ta golide ndi siliva. Michael Faraday anafotokoza mu 1857 za madzi ofiira amene anapanga ndi golide, n'kunena kuti mtunduwo ukuchokera ku tizidutswa tosaoneka ndi maso. Mabotolo ake akadalipo ku Royal Institution. Masamu ake anawamaliza Gustav Mie mu 1908. M'labotale, mukatenga madzi ofiira oterewa n'kuthiramo mchere, timibulu timaunjikana, kugwedezeka kwa tina kumakhudza tinzake, ndipo madziwo amasanduka a buluu wotuwa nthawi yomweyo.

Pa kachipangizo ka malungo, timibuluti timavekedwa ma antibody. Dontho la magazi likalowa ndipo madzi ake apadera akathiridwa, zonse zimayenda m'kapepala kopyapyala. Ngati m'magazimo muli puloteni ya tizirombo ta malungo, imagwidwa ndi antibody ya pa kambulu, kenako imakakodwa pa mzere pamene pali antibody yachiwiri. Timibulu tikachuluka pamenepo, mzere umafiira. Apa golide sakuyeza kusuntha kulikonse monga pa prism paja, akungopereka mtundu wolimba umene suzilala. Koma mfundo ya jakisoni wachitatu ndi yomweyo. Golide amafiira paliponse pamene wakodwa. Mzere wachiwiri uja wolembedwa C ulipo kuti utsimikize kuti madzi anayenda ndipo timibulu tinafika.

Bungwe la WHO linalangiza mu 2010 kuti munthu aziyezedwa kaye asanapatsidwe mankhwala a malungo, ndipo kuno ku Malawi tizipangizoti tinafalikira m'zipatala mu 2011. Tambiri timafufuza puloteni yotchedwa HRP2, imene imapangidwa ndi kachirombo ka malungo kotchedwa Plasmodium falciparum. Achemwali anga ankadziwa kale khalidwe lake kuposa ine. Anandiuza za ana amene amabwera akutentha thupi patangopita sabata ziwiri atamaliza LA, mzere n'kutuluka wofiira ndithu, koma chimene chikuwadwalitsa chili china. HRP2 imatsalira m'magazi kwa masabata angapo tizirombo titafa kale. Kachipangizo sikananame. Kanafunsidwa ngati puloteniyo ilipo, ndipo ilipodi. Pa ana otere iwo amafunsa kaye za mankhwala amene mwana wamwa posachedwa, amayang'ana chifuwa, makutu ndi pakhosi, ndipo kumene kuli maikulosikopu amatumiza magazi kuti akaone tizirombo tenitenito.

Mbali inayo ndi yoopsa kwambiri. Mu 2010 ofufuza analengeza kuti m'dera la Amazon ku Peru apeza Plasmodium falciparum yopanda jini yopangira HRP2. Munthu ali ndi malungo enieni, tizirombo tili m'magazi, golide ali bwinobwino, antibody ili bwinobwino, koma palibe choti igwire. Mzere wa C umafiira, winawo osatuluka, wodwala n'kubwezedwa kunyumba. Ku Eritrea vutoli linakula moti mu 2016 dzikolo linasiya kudalira tizipangizo ta HRP2 n'kuyamba kugwiritsa ntchito tofufuza puloteni ina ya tizirombo, yotchedwa pLDH. Achemwali anandifunsa ngati opanga anasintha golide wake. Ndinawauza kuti timibulu tinatsala tomwe tija, chimene anasintha ndi antibody imene anativeka.